Kalulu Wopanda Mawanga

Linali Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi, cha m'ma 7 koloko m'mawa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene ndinayamba ntchito m'kanyumba ka ziweto kuseri kwa chipatala china cha mishoni kumapiri a ku Nchenachena. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma bambo anga anali mlangizi wa zaulimi, ndipo boma linawatumiza ku Mhuju ine ndili wamng'ono. Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo chaka chonse ndikuweta akalulu a bambo. Lamulungu lina kutchalitchi analengeza kuti Dokotala Mhango akufuna mnyamata wa sekondale woti azikawathandiza mu labotale. Tinapita atatu. Za m'mabuku sanatifunse. Anatsegula khola nati aliyense atulutse kalulu mmodzi. Anzanga awiri anagwira makutu. Ine ndinagwira chikopa cha kumbuyo kwa khosi, dzanja lina ndikuchirikiza kumatako.

"Waisoni, iwe ubwere Lolemba," anatero. "Makutu amenewo ndi amene timagwirira ntchito. Sitikoka."

Labotale yake inali zipinda ziwiri. M'chipinda china munali makola a akalulu, mbira ndi makoswe oyera. M'chinzake munali tebulo la simenti, sikelo, filiji ya palafini, pulaimasi ndi poto wowiritsira masirinji agalasi ndi singano. Panja panali khonde ndi tebulo lamatabwa. Kumunsi kwa nthochi kunali dzenje lotentheramo zonse zotha ntchito.

Dokotala Mhango anali mwana wa abusa, munthu wosachulutsa mawu. M'mawa ankaona odwala, ndipo ku labotale ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Chimene chinkawazunguza mutu chinali ichi: anthu ena akalumidwa ndi njuchi, kapena akabayidwa mankhwala a ululu wa njoka, ankatupa nkhope, kufooka, n'kugwa ngati akomoka. Iwo ankati gwero lalikulu la zimenezi ndi hisitamini, mankhwala amene thupi limapanga lokha.

Sabata yoyamba anandidontheza kadontho ka hisitamini pamkono, n'kundibaya pang'ono ndi nsonga ya singano podutsa m'kadonthoko. Posakhalitsa panafiira, kenaka panatupa ngati pamene yaluma nsikidzi, kufiira kuja kukufalikira m'mbali. Panayabwa koopsa.

"Usakande. Yang'ana," anatero.

Ndipo anandifotokozera. Hisitamini payekha sachita kanthu mpaka atapeza pogwira. Pamakoma a mitsempha ya magazi pali tinthu tomulandira, ta mitundu iwiri, timene ankatitcha H1 ndi H2. Akagwira pa H1, timitsempha ting'onoting'ono timatseguka msanga, makoma ake n'kuyamba kuchucha madzi a m'magazi. Kutupa kuja n'kumeneko. Akagwira pa H2, mitsempha imatakasuka pang'onopang'ono koma imakhalitsa choncho. Zimenezi zikachitika m'thupi lonse nthawi imodzi, magazi amabalalika, mtima umasowa chopopa, munthu amagwa. Mankhwala otseka H1 analipo kale m'chipatala. Otseka H2 anali achilendo masiku amenewo. Mnzawo wina amene anaphunzira naye kunja anawatumizira kabotolo kamodzi, ndipo ankakasunga ngati dzira.

Nyamazo sizinkamva hisitamini mofanana. Mbira inkabanika ndi kadontho kochepa. Khoswe analibe nazo ntchito. Kalulu ndiye anali wabwino kuphunzirirapo chifukwa cha makutu ake. Ukalunjika khutu pawindo, mitsempha yonse imaoneka ngati mizere ya patsamba la mpiru. Ndinaona ndi maso anga mtsempha waukulu wa pakati pa khutu ukufinyika chifukwa cha hisitamini, khutu n'kuyera. Koma kalulu atalandira kaye mankhwala otseka H1, hisitamini yemweyo ankautakasa mtsemphawo, khutu n'kufiira ndi kutentha m'dzanja langa. Mankhwala amodzi, zochita ziwiri, kutengera pamene agwira.

Ntchito yaikulu inali ya pakhungu. Dzulo lake ndinkayeza kalulu pasikelo n'kumumeta msana. M'mawa mwake tinkajambula timabokosi pamsanapo ndi cholembera. Ndinkamuika m'bokosi lamatabwa lotulutsa mutu wokha, kupukuta khutu ndi thonje la sipiliti, ndipo adokotala ankabaya mankhwala ogonetsa mumtsempha wa m'mphepete mwa khutu. Akagona, ankabayanso momwemo utoto wabuluu. Utoto umenewu umayenda ndi magazi, ndipo sutuluka mumtsempha pokhapokha makoma ake atayamba kuchucha. Kenaka m'kabokosi kalikonse ka pamsana ankabayamo kadontho ka hisitamini, kuyambira wosukuluka mpaka wamphamvu, kabokosi kamodzi n'kubayamo madzi amchere chabe. Pakapita kanthawi, paliponse pamene hisitamini wachuchitsa mitsempha pankatuluka banga labuluu. Pomaliza ankawonjezera mankhwala ogonetsa aja ambiri ndithu kuti kalulu afe asanadzuke. Ine ndinkamusenda, kukhoma chikopa pathabwa mkati mwake muli panja, iwo n'kuyeza mawangawo ndi rula. Nyamayo ndinkapita nayo kudzenje, kuithira palafini, n'kuiotcha. Lamulo lake linali limodzi: kalulu amene walawa singano sadyedwa.

Chakudya cha ziwetozo ankabweretsa ndi a Chirambo, bambo wachikulire wa m'mudzi wa kuseri kwa chipatala. Tsiku ndi tsiku ankatsika ndi mtolo wa kholowa ndi chisoso pamutu, podzera kanjira ka m'madimba. Akalulu amaswana msanga, ndipo makola athu ankadzaza. Tsono Lachisanu lina lililonse adokotala ankandiuza kuti ndiphe mmodzi kapena awiri mwa amene sanagwirepo ntchito. Ndinkawasenda, chifukwa zikopa zinkapita kwa amayi a mvano osoka zipewa za ana, nyamayo n'kuiika m'thireyi patebulo la pakhonde, n'kuvundikira chiguduli kuopa ntchentche. A Chirambo ankatula mtolo wawo, kutenga ndiwo yawo, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti "Yewo chomene" ngakhale pakhondepo palibe munthu. Lamulo la singano ankalidziwa. Kalulu wa ntchito ankamuzindikira ndi msana wometa.

Tsiku lovuta linafika mvula yoyamba itagwa. Linali Lachisanu. Odwala anali ochepa, tsono adokotala anabwera m'mamawa kuti tichite ntchito imene anaiyembekezera nthawi yaitali. Tinatenga akalulu atatu. Woyamba sanalandire mankhwala otseka alionse. Wachiwiri analandira otseka H2. Wachitatu analandira onse awiri, otseka H1 ndi otseka H2. Nditawasenda, kusiyana kwake kunaoneka ngakhale kwa ine. Chikopa choyamba chinali ndi mawanga akuluakulu, ndipo buluuyo anali atalowerera mpaka pamnofu wa pamsana. Chachiwiri chinali chimodzimodzi, mawanga atachepako pang'ono chabe. Chachitatu chinali choyera. Mnofu wake unalibe banga ndi limodzi lomwe.

Adokotala anali atangoyamba kuyeza, ine ndikutuluka ndi thireyi ya nyama kupita kudzenje, pamene achinyamata awiri a chipani anafika pakhonde. Anati nduna ikudutsa kupita kumsonkhano ku Mhuju, ndipo aliyense amene sali pambali pa wodwala apite kumsewu.

"Nditaye kaye izi," ndinatero.

"Siya pomwepo. Nyama ithawa?"

Masiku amenewo munthu sankayankha kawiri. Ndinaika thireyi patebulo la pakhonde lija, n'kukokera chiguduli pamwamba pake. Adokotala anakhoma chitseko cha labotale, zikopa zili mkati, ndipo tonse tinatsika kumsewu. Nduna inachedwa. Tinaima padzuwa, amayi akuimba nyimbo imodzimodzi mobwerezabwereza, mpaka magalimoto anadutsa dzuwa litapendeka kale.

Nditabwerera ndinapeza mtolo wa kholowa pakhonde. Chiguduli chinali chopinda bwinobwino. Thireyi inali yotsuka, yovundikira pansi kuti iume. Galu satsuka thireyi.

Adokotala ndinawapeza akusamba m'manja. Kunali mayi amene mwana anamupingasa m'mimba, ndipo ankakonzekera kumuchita opaleshoni. Galimoto ya chipatala inali itanyamula anthu kupita kumsonkhano. Anandimvetsera osasiya kusamba.

"Utoto ndi hisitamini usadandaule nazo," anatero. "Choopsa ndi mankhwala ogonetsa. Sachoka ndi moto. Munthu wamkulu angagone tulo tofa nato n'kudzuka mawa. Mwana wamng'ono angaleke kupuma. Thamanga. Ngati wina wadya, mugoneke cham'mbali, mubwere naye pamachira." Nditafika pakhomo anandiitananso. "Waisoni, mawu oti poizoni usakawatchule. Ukanene kuti mankhwala atulo."

Ndinamva chimene ankatanthauza. Mbiri yoti chipatala chagawa nyama ya poizoni ikanafika kutali kuposa ife.

Ndinathamanga kanjira ka m'madimba. Ndisanafike pakhomo pa a Chirambo ndinamva mawu okweza. Akalulu awiri anali lende pamtengo wa mango, misana yawo yabuluu. Pansi pake a Chirambo ankakangana ndi akazi awo, NyaKumwenda. Ankayankhula Chitumbuka, koma atandiona anasakaniza ndi Chichewa.

"Ndi uyu wafika uyu, mufunseni," anatero NyaKumwenda. "Mwana wanga, akalulu awa mwawaviika m'buluu wochapira malaya a abusa? Ine ndayamba kuphika akalulu ndili mtsikana, wotere sindinamuonepo."

"Ndakuuza kuti ndi chidindo," anatero a Chirambo. "Nyama ya ng'ombe ku Mhuju saidinda? Akaiyeza amaidinda kuti ndi yabwino. Chipatala chingalephere kudinda?"

"Chidindo cha mawanga ngati nkhanga? Mudye nokha ya chidindoyo."

Mtima wanga unatsika pang'ono. Kenaka ndinayang'ananso pamtengo.

"Adada, analipo atatu."

"Winayo anali wabwino," anayankha NyaKumwenda. "Woyera bwinobwino. Ndatumiza kwa Tamala. Ali ndi khanda, afunika msuzi kuti mkaka ubwere."

Tamala anali mwana wawo wamkazi, wokwatiwa m'mudzi wa pamwamba pa phiri. Anali atangobereka kumene, ndipo analinso ndi mwana wina woyamba, Yotamu, wa zaka ngati zitatu. Ndinawauza mwachidule chimene chinali m'nyamayo. NyaKumwenda anagwira pakamwa. A Chirambo anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Kwa asebele?" anatero a Chirambo, kunena apongozi ake a Tamala. "Ndikalande ndiwo kwa asebele? Kulibe njira ina?"

"Mukaima pamenepo ndipita ndekha," anatero akazi awo, akumanga kale chitenje.

Koma miyendo yawo inali yotupa, sakanakwera phiri. Tinapita ine ndi a Chirambo. Njira inali yoterera ndi mvula ya dzulo lake. Mkuluyo ankakwera ngati mbuzi, koma pakamwa sipankatseka. Ankayeserera mawu oti akanene, kuwasiya, n'kuyambanso ena. Ine ndinkangoyang'ana utsi umene unkatuluka m'mudzi wa pamwambawo.

Tinapeza apongozi ake a Tamala, NyaHarawa, ali pakhitchini. Mphika unali pamoto, fungo la tomato ndi anyezi lili ponseponse. Mphika wa madzi a nsima unali usanaterekedwe. Tamala anali pakhonde akuyamwitsa. Amuna a pakhomopo anali asanabwerere kuchokera kumsonkhano.

Anatiyalira mphasa. Moni wa kumeneko sathamangira. Anafunsa za a Chirambo, za akazi awo, za miyendo ya akazi awo, za mvula, za mbewu. A Chirambo anayankha zonse n'kubwezanso mafunso omwewo. Kenaka anayamba nkhani ya mmene iwo ndi chipatala akhalira bwino zaka zambiri. Ine maso anali pamphika. NyaHarawa anaimirira, n'kuvundukula, n'kutakasa ndi chikombe.

Ndinagwada. "Amama, pepani kukudulani. Pali amene wadyako nyama imeneyi?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenukira kwa a Chirambo.

"Asebele, mnyamata uyu ndi wa kuti?"

"Wa kuchipatala. Kwawo ndi kumwera."

"Zikuoneka."

Apa a Chirambo anaulula. Anati pachitika cholakwika, nyamayo ili ndi mankhwala atulo, siyenera kudyedwa, ndipo tabwera kudzaitenga. Ananena akuyang'ana pansi.

"Mphatso yabwera m'mawa, madzulo mwabwera kudzaitenga," anatero NyaHarawa. "Ife ng'ombe zathu za malowolo zija tinabwera kudzazitenga? Kapena kwanu kwafika alendo, ndiwo zachepa? Nenani bwinobwino, tikugawireni."

"Ayi asebele, si choncho."

"Amene anabweretsa wanena kuti enawo ndiwo anali oonongeka, a mawanga. Uyu ndamutsuka ndekha, ndamudula ndekha. Banga ndi limodzi lomwe."

"Amama," ndinatero, "ameneyu ndi amene walandira mankhwala ambiri kuposa anzake. Anamubaya ena otseka mitsempha kuti isachuche. N'chifukwa chake mawanga sanatuluke. Koma mankhwala atulo ali mkati."

"Tamvani. Wa mawanga ndi woipa, wopanda mawanga ndi woipitsitsa. Nanga wabwino amaoneka bwanji kwanuko?"

Ankanena zoona. Ndinaganiza zongodumpha n'kugubuduza mphikawo ndi mwendo, zotsatira zake tikazionere kutsogolo. Ndinali nditayamba kuyeza mtunda wake pamene galu wa pakhomopo anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Anali galu wamng'ono wofiirira. Miyendo yake yakumbuyo inkapingasana ngati ya munthu wochokera kumowa. Anayenda pang'ono, n'kukhala pansi, n'kuyesa kuimirira, n'kugwa cham'mbali, lilime lili panja.

Tonse tinamuyang'ana.

"Galu ameneyu wadya chiyani?" ndinafunsa.

"Matumbo," anatero NyaHarawa, mawu atatsika. "Ndi chiwindi. Ndimafuna ndimuotchere Yotamu, koma chinali chakuda, sichinandisangalatse."

Tamala anachotsa khanda kubere. "Amama, Yotamu ali kuti?"

"Wagona m'nyumba."

"Wagona nthawi yanji? Uja sagona masana."

NyaHarawa anaika chikombe pansi. "Amalira. Ndinangomunyambititsa chikombe. Kamodzi kokha. Kapena kawiri."

Sindikumbukira kuti ndinapempha kulowa m'nyumba ya eni ake. Ndinangopezeka ndili mkati. Munali mdima, ndipo mwanayo anali chafufumimba pamphasa, dzanja limodzi lili kunsi kwa tsaya. Tamala anamuitana dzina, osayankha. Ndinamutembenuza. Thupi lake linali lofewa. Za ana sindinkadziwa chilichonse. Chimene ndinkadziwa chinali mmene timaonera ngati kalulu wagona ndi mankhwala. Ndinayang'ana pamimba: ankapuma bwino, mosadukiza. Ndinakhudza nsidze zake ndi chala: chikope chinaphethira. Kenaka ndinatsina pakati pa zala za kuphazi, mwamphamvu ndithu. Kalulu wa mankhwala sabweza mwendo.

Yotamu anabweza mwendo, n'kundiponda pachibwano. Anatsegula maso, anaona munthu wachilendo atamugwira phazi, ndipo analira mokuwa mpaka nkhuku zinabalalika panja. Anathawira kwa mayi ake, akundiloza, akunena mawu ena amene a Chirambo anakana kundimasulira.

Ndinakhala pansi pomwepo. Tamala ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Zinadziwika pambuyo pake kuti mwanayo anali atathamangitsa ngumbi m'mawa wonse ndi anzake, ndipo tulo take tinali ta kutopa.

NyaHarawa anapita pakhitchini. Anatenga nsanza, n'kuphula mphika. Ndinakumba dzenje lakuya kuseri kwa khola, iwo anakhuthula okha, ndipo tinakwirira n'kusanjikapo miyala. Mphikawo anautsuka katatu ndi phulusa. Pamenepo m'pamene anayamba kudandaula.

"Tomato wanga," anatero. "Anyezi wanga. Mafuta ndinachita kubwereka. Asebele, tsiku lina mukafuna kutigoneka, mudzangotiimbira nyimbo."

A Chirambo anaseka koyamba tsiku limenelo. Galu tinamugoneka cham'mbali pamthunzi, n'kumufunditsa thumba. Yotamu ndinati apitebe kuchipatala kuti adokotala akamuone, ndipo agogo ake aamuna, a Chirambo, anamubereka kumsana, NyaHarawa akutsata pambuyo. Podutsa pakhomo pa a Chirambo ndinatsitsa akalulu awiri aja pamtengo. Ndinawaotcha kudzenje dzuwa lisanalowe, ndipo sindinachokepo mpaka atapserera.

Opaleshoni inali itayenda bwino. Adokotala anamuyang'ana Yotamu m'maso ndi tochi, anamumvetsera pachifuwa, anamuuza kuti ayende mpaka pakhomo. Mwanayo anathamanga n'kutuluka panja. Anati palibe vuto, koma agone m'wodi ndi agogo ake aakazi kuti anamwino azimuyang'ana. Kenaka anapepesa kwa NyaHarawa m'Chitumbuka chaulemu, ataimirira, manja ali kumbuyo.

Tinabwerera ku labotale kukatsiriza kuyeza, chifukwa zikopa zikauma mawanga amasintha. Anaika rula pachikopa chachitatu. Panalibe choyeza.

"Ntchito imeneyi sinayendepo bwino ngati lero," anatero. "Ndipo chifukwa cha kuyenda bwino komweko tinatsala pang'ono kuika mwana m'manda."

Tinagwirizana zinthu ziwiri. Thireyi ya nyama za ntchito tinaipaka penti wofiira, ndipo inkachoka patebulo la simenti kupita kudzenje osaima pena paliponse. Ngati aitana kumsewu, nyama izikhomeredwa mkati. Chachiwiri, kalulu wopatsa munthu azichoka pakhomo pathu ali wamoyo, ndi ubweya wake wonse, mwini wake akaphe yekha. Amayi a mvano anadandaula za zikopa, koma anazolowera.

Ndinagwira ntchito m'malabotale ena pambuyo pake, a ziweto ndi a anthu. Chimene ndinachitenga ku Nchenachena n'chakuti chinthu chikaoneka choyera m'ntchito yathu, ndimayamba ndafunsa chimene chachiyeretsa. Nthawi zina mulibe kanthu. Nthawi zina muli zambiri kuposa m'zinzake.

M'mawa mwa tsiku lotsatira Lachisanu lovuta lija, Loweruka, ndinasankha kalulu wamkazi wonenepa m'khola la oswana, amene sanaonepo singano. Ndinamuika m'dengu, n'kuwonjezera tomato, anyezi ndi kabotolo ka mafuta kochokera kunyumba kwa adokotala. Ndinaperekeza NyaHarawa ndi Yotamu kukwera phiri. Mwanayo ankayenda mbali ina ya agogo ake, kutali ndi ine. Galu tinamupeza atadzuka, akumwa madzi, mutu uli wolemera.

NyaHarawa anatulutsa kalulu m'dengu. Anamutembenuza, anauzira mpweya muubweya wa pamsana, anayang'ana pamimba, anamutsegula pakamwa. Ndinawafunsa ngati ndiwaphere.

"Ayi," anatero. "Ameneyu sitidya lero. Akhale kaye sabata, tione ngati azidzuka m'mawa."

Ndinawathandiza kukonza kakhola ndi nsungwi, ndinamwa madzi, n'kutsika kukachotsa ndowe m'makola.